Ndalama ziwiri zabodza: ina ya nthawi ya Aroma, ina ya dzulodzuloli

Anzanga, mu History timamva za Aroma ngati anthu a misewu, asilikali ndi malamulo. Koma akamberembere analiponso. Lero ndikufuna tikambe za ndalama zawo zachitsulo, zomwe anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America amagula n'kumasunga. Vuto la osungawa ndi lakuti ndalama zabodza za Aroma zilipo mitundu iwiri. Ina anaipanga wakuba wa nthawi ya Aroma yomweyo, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Ina waipanga wakuba wa masiku ano. Zonse ndi feki, inde, koma yoyambayo ndi chinthu chakale chenicheni ndipo akatswiri amaifuna. Yachiwiriyo ndi msampha chabe. Nanga amazisiyanitsa bwanji?

Tiyambe ndi yeniyeni. Ndalama yotchuka ya Aroma inali denarius, ya siliva, yomwe inayamba cha m'ma 211 BC. Ndi ija ya m'Baibulo yokhala ndi nkhope ya Kaisara, imenenso m'fanizo lina ndi malipiro a ganyu ya tsiku lonse. M'nthawi ya mfumu Augustus inkalemera pafupifupi magalamu 3.9. Makina kunalibe. Ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo, imodziimodzi. N'chifukwa chake simungapeze ziwiri zofanana ndendende: ina nkhope inapendekeka, ina zilembo zinadukira m'mphepete.

Wakuba wakale uja chimene ankafuna ndi siliva. Ankatenga mkuwa, womwe ndi wotchipa, n'kuukuta ndi kachikopa kopyapyala ka siliva, n'kuutentha pamoto, kenako n'kudinda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri amaitcha ndalama yotereyi fourrée, mawu a Chifalansa. Tangoganizani, mwakhetsa thukuta tsiku lonse m'munda wa munthu, akukupatsani mkuwa wovala malaya a siliva!

Aroma sanangokhala. Mu 81 BC, lamulo la mtsogoleri wawo Sulla linaika chilango chowawa kwa opanga ndalama zabodza. Kunalinso anthu otchedwa nummularii, omwe ntchito yawo inali kuyesa ndalama: ankaziyang'anitsitsa, kuziika pa sikelo ndi kumvetsera kalilidwe kake. Ena okayika ankangocheka ndalamayo pang'ono kuti aone zam'kati. Koma akuba sanaleke. Ena m'malo modinda ankasungunula chitsulo n'kuthira m'zikombole zadothi, ngati momwe timaumbira njerwa. Mu London anafukula zikombole zotere mazanamazana, za m'zaka za m'ma 200 AD.

Wakuba wamakono ndi wina. Iye sakufuna kukagula buledi pamsika wa ku Roma ayi, akufuna ndalama za munthu wosunga zakale. Choncho amasankha ndalama zosowa, ndipo saumira siliva, chifukwa mtengo wa siliva ndi wochepa poyerekeza ndi zomwe adzalandire. Katswiri wa chinyengochi anali Carl Wilhelm Becker wa ku Germany, yemwe anamwalira mu 1830. Ankasema zidindo ndi manja, ndipo anapanga mitundu yoposa 300. Amati ankaika ndalama zake m'kabokosi ka zinyenyeswa za chitsulo n'kukamangirira kunsi kwa ngolo ya akavalo, kuti zikamagwedezeka panjira ziperesuke n'kumaoneka zakale.

Tsono poyesa, akatswiri amayang'ana zinthu zisanu.

Choyamba, sikelo. Mkuwa ndi wopepuka kuposa siliva, ndiye fourrée nthawi zambiri imaperewera kulemera. Koma samalani: feki yamakono ikhoza kulemera bwinobwino, chifukwa woipangayo ali ndi sikelo komanso mabuku.

Chachiwiri, chikopa chake. Pa fourrée yakale, siliva amakhala atang'ambika pena, mkuwa wobiriwira kapena wofiirira n'kumasuzumira, ndipo nthawi zina pamaoneka pomwe kachikopa kaja kanasanjikizana. Kukuta chitsulo ndi magetsi kunabwera m'zaka za m'ma 1800. Siliva wake amakhala wopyapyala kwambiri komanso wofanana paliponse. Mroma sakanatha zimenezo.

Chachitatu, dzimbiri. La zaka mazanamazana limakhala louma gwa, lolowerera m'chitsulo, ndipo dothi limakakamira m'mizere. La dzulodzuloli limangokhala pamwamba ngati penti, mwina limachoka ndi mankhwala osungunulira utoto.

Chachinayi, amapasa. Kumbukirani kuti zenizeni sizifanana ndendende. Ndiye zikapezeka zitatu pamsika, zonse zopendekeka mofanana, zokhala ndi mng'alu pamalo amodzimodzi ndi zipsera zofanana, ndiye kuti zinatuluka m'chikombole chimodzi. Zothira m'chikombole zimakhalanso ndi timabowo ta thovu, zilembo zosathwa, ndi msoko m'mphepete kapena zizindikiro za tupa pomwe msokowo anaupala. Komatu apa mpofunika nzeru, pakuti tanena kale kuti akuba akale nawonso ankathira m'zikombole. Msoko wokha sukuuzani chaka. Zikatero amabwerera ku dzimbiri, kapena amayeza chitsulocho ndi makina a X-ray kuti aone ngati msakanizo wake ndi wa nthawi imeneyo.

Chachisanu, komwe yachokera. Ndalama yofukulidwa ndi akatswiri pansi pa nyumba ya Aroma, pamodzi ndi mapale ndi ndalama zina, ili ndi mboni. Yongotulukira pa intaneti, wogulitsa n'kumati "inali ya agogo", ilibe. Za Becker zimagwidwa chifukwa zithunzi za ntchito yake zinasindikizidwa, ndiye amangofananitsa.

Mwina wina akuti, "Aaa, nanga si zonse zabodza, tivutikiranji?" Imvani iyi. Amati mu 1713 ku Transylvania, m'dziko lomwe lero ndi Romania, kunapezeka ndalama zagolide zokhala ndi dzina loti Sponsianus, munthu yemwe sapezeka m'buku lililonse la Aroma. Imodzi ili ku Hunterian, nyumba yosungira zakale ya mu Glasgow ku Scotland. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ndi feki, chifukwa inathiridwa m'chikombole ndipo chithunzi cha kumbuyo kwake anachikopera ku ndalama ya cha m'ma 135 BC. Mu 2022, Paul Pearson wa ku University College London ndi anzake anaiunika ndi maikulosikopu. Anapeza mikwingwirima ya kuperesuka komanso dothi lokakamira, n'kunena kuti inayendadi m'manja mwa anthu akale ndipo Sponsianus analamuliradi kumeneko cha m'ma 260 AD. Akatswiri ena ambiri akukanabe, akuti kukanda ndalama ndi kuikwirira ngakhale wakuba amatha. Mkangano sunathe mpaka pano. Mwaona? Kandalama kamodzi kakhoza kulowetsa mfumu m'buku la History, kapena kulowetsamo bodza.

Kwa ine, apa ndi pagona nkhani. Ndalama yabodza yakale inanamiza munthu mmodzi pamsika, koma ife ikutiuza zoona: kuti siliva ankasowa, kuti kumadera akutali ngati Britain ndalama za boma zinkaperewera, ndiponso kuti anthu ankaika moyo pachiswe chifukwa cha phindu. Yamakono imanamiza wogula, kenako imanamizanso ife amene tikuphunzira zakale. Choncho mukadzamva kuti ndalama ya Aroma ndi yabodza, musathamangire kunena kuti n'njachabe. Funsani kaye kuti bodzalo linanenedwa liti, ndipo ankafuna kunamiza ndani.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2