Mphunzitsi ndi Mabuku a Mbiri ya Nkhondo

Kaŵirikaŵiri tikamayendera ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, timapeza kuti phunziro la Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse lasanduka mndandanda wa zaka. Ana amaloŵeza 1914 ndi 1918, ndipo mayeso akatha amaiŵala. Gwero la vutoli nlakuti mphunzitsi mwini sanalaŵepo kukoma kwa mabuku a mbiriyi. Amangodalira zimene analemba m'kope.

Buku labwino la nkhondo silithera pa kulira kwa mfuti. Zoonadi, limatiuza kuti mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja ya Malaŵi, ndi kuti mu Seputembala asilikali anamenyana ku Karonga. Koma limapitirira pamenepo.

Pa za moyo wa anthu, buku la Melvin Page, The Chiwaya War, la mu 2000, lidatsamira pa zimene ananena okalamba amene anaiona nkhondoyo. M'menemo tikumana ndi amtengatenga, amuna zikwi zambirimbiri amene anakakamizidwa kusenza katundu wa asilikali, ambiri namwalira ndi njala ndi matenda. Kumudzi makasu anatsalira amayi, ndipo mliri wa fuluwenza wa 1918 unapeza anthu ali ofooka kale.

Pa za ndale, buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la mu 1958, limasonyeza m'mene nkhondoyo inakolezera madandaulo akale a msonkho ndi thangata. Mbusa John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kutsutsa zoti Aafirika azifera nkhondo ya eni, ndipo pa 23 Januwale 1915 anaukira atsamunda.

Tsono zimenezi tingaziloŵetse bwanji m'kalasi? Poyamba, tiŵerenge mutu umodzi tokha, kenaka tiwasimbire ana ngati nthano, mapu ali pakhoma. Chachiŵiri, tisangofunsa kuti anapambana ndani. Tifunsenso kuti anasenza ndani, analima ndani, analira ndani. Chachitatu, tiwatume kwa agogo kukafunsa za gule wa malipenga, amene ndawala zake zinachokera kwa asilikali, kapena za chipilala cha ku Zomba.

Tichenjere pa chinthu chimodzi: ana, makamaka anyamata, amakopeka msanga ndi zida. Tikalekeza nkhani pa chiwaya, adzatuluka m'kalasi akuyesa kuti nkhondo ndi maseŵera. Nchifukwa chake phunzirolo lizifika nthaŵi zonse pa mtengatenga ndi banja limene analisiya kumudzi.