Kodi Zamoyo Zakufa Zimasungidwiranji?

Anthu ambiri akamva kuti akatswiri amasunga mbalame zoumika, nsomba za m'mabotolo, agulugufe ndi masamba omata pa mapepala, amaseka nati, "Chinthu chakufa chingathandize yani?" Koma zinthu zimenezi ndi mboni. Chilichonse chili ndi kapepala kake kolembapo dzina, malo amene chinapezeka ndi tsiku lake. Munthu amaiwala, koma kapepalako sikaiwala ai.

Umboni wotere unapulumutsa mbalame ku Britain. Kumeneko mbalame zina zonga akabawi zinayamba kuchepa, chifukwa mazira ake anali kusweka m'zisa asanaswe ana. Bambo Derek Ratcliffe anayesa zigoba za mazira akale osungidwa m'nyumba zotere, nazilinganiza ndi za mazira atsopano. M'chaka cha 1967 anaonetsa kuti zigobazo zinayamba kupyapyala cha m'ma 1947, nthawi imene mankhwala ophera tizilombo otchedwa DDT anayamba kufala. Pambuyo pake maiko ambiri analetsa mankhwalawo m'minda. Pakadapanda mazira akale aja, palibe akadadziwa kuti zigoba zasintha.

Dziko la Malawi nalo lili ndi mboni zake. M'chaka cha 1891 Bambo Alexander Whyte anathyola nthambi za mkungudza pa phiri la Mulanje, nazitumiza ku London. Akatswiri atazipenda, m'chaka cha 1894 anaulemba mtengowo m'mabuku ngati mtundu wapadera, nautcha Widdringtonia whytei. Lero mkungudzawo watsala pang'ono kutha chifukwa cha macheka ndi moto. Ku Zomba kuli nyumba ya Boma yosungiramo zomera zoumika, ndipo zimene zili m'menemo zimanena kumene mtengo kapena udzu uliwonse unkamera kale, ngakhale pamalopo lero pali munda.

Mlimi nayenso amapindula. Mbozi yachilendo ikagwa m'chimanga, akatswiri amailinganiza ndi tizilombo tosungidwa kuti adziwe dzina lake lenileni. Kudziwa dzina ndiko kuyamba kupeza mankhwala oyenera, osataya ndalama pachabe.

Chifukwa chake munthu akapeza kachilombo kachilendo m'munda mwake, asangokapha ndi kukataya. Akaike m'kabotolo, alembe mudzi ndi tsiku, ndipo akapereke kwa mlangizi wa zaulimi. Aphunzitsi nawo angathe kuyambitsa ntchitoyi pa sukulu: ana aumike masamba pakati pa manyuzipepala, alembepo dzina limene makolo amatchula, malo ndi tsiku. Tsamba losungidwa lero lidzayankha mafunso a zidzukulu.