Kupenta Galimoto Pakhomo: Kukonzekera, Kupala ndi Madzi ndi Kupolisha

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku Japan ndi maiko ena. Dzuwa, fumbi ndi mvula zimafwifwitsa penti wake, ndipo penti akang'ambika dzimbiri limayamba kudya chitsulo. Eni ake ena, poona kukwera mtengo kwa magalaji, amaganiza zopenta okha. Ntchitoyi ndi yotheka, koma imafuna luso ndi kuleza mtima, pakuti kuthamanga sikufika.

Choyamba ndi kukonza thupi la galimoto. Itsukeni ndi sopo, ndipo muchotse mafuta ndi polishi yense wakale, chifukwa penti sagwira pamalo a mafuta. Palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mutseke malo ophwanyika ndi fila, kenaka musalaze ndi sandipepala wa nambala 180 mpaka 320. Dziwani kuti nambala ikamakwera, sandipepala amakhala wosalala kwambiri. Phimbani magalasi, nyali ndi matayala, mupopere penti wapansi wotchedwa pulayima, ndipo akauma mumusalaze ndi nambala 400 kapena 600. Nambala ya mtundu wa penti imapezeka pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pafupi ndi chitseko kapena pansi pa boneti.

Chachiwiri ndi kupopera. Sankhani malo opanda fumbi koma odutsa mpweya bwino, ndipo muwaze madzi pansi. Pewani tsiku la chinyezi chambiri monga m'nyengo ya dzinja, pewaninso dzuwa lotentha. Chopopera chitalikirane ndi galimoto masentimita 15 mpaka 20, ndipo mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wam'mbuyo. Ndi bwino kupopera pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, n'kumadikira mphindi 10 mpaka 15 pakati pake, kusiyana ndi kuthira wambiri nthawi imodzi n'kuyamba kuyenderera. Pomaliza pamabwera penti woonekera wa pamwamba, amene amateteza mtundu ku dzuwa ndi kupatsa galimoto kuwala.

Pano tiyenera kuchenjezana. Penti wotchedwa 2K amasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa okhala ndi isocyanate, amene amawononga mapapo ndipo angayambitse mphumu yosatha. Nsalu yomanga pamphuno siteteza konse. Pamafunika chigoba chapadera cholandira mpweya wabwino kuchokera kunja. Ngati mulibe chipangizo chimenechi, lolani amisiri apopere, inu mugwire ntchito zotsalazo. Thina naye sachedwa kuyaka, choncho mbaula, fodya ndi ana zikhale kutali.

Chachitatu ndi kupala ndi madzi. Penti akauma nthawi zambiri amaoneka ngati khungu la lalanje, ndipo tizinyalala timakhala titamatirira. Dikirani monga momwe opanga penti alangizira, kawirikawiri tsiku limodzi kapena kupitirira. Viikani sandipepala m'madzi a sopo pang'ono, mumukulunge pa kachidutswa ka labala, ndipo muyambe ndi nambala 1500, kenaka 2000, pomaliza 3000. Madzi amachotsa fumbi la penti kuti lisakande, komanso amaziziritsa malowo. Pukutani pafupipafupi kuti muone: timadontho towala tikatha, malo onse n'kuchita mbuu, lekani. Penti wa pamwamba wa ku fakitale ndi wopyapyala kuposa pepala lolembapo. Mukaona mtundu wa galimoto pa sandipepala, ndiye kuti mwaboola, ndipo palibe mankhwala ena koma kupoperanso. Samalani makamaka m'mphepete ndi m'makona, pakuti mmenemo penti amakhala wochepa.

Chomaliza ndi kupolisha. Yambani ndi phala lokhakhala lochotsa mikwingwirima, kenaka polishi wosalala. Gwirani kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, ndipo makina asaime malo amodzi, chifukwa kutentha kumapsereza penti. Phula loteteza lidikire mwezi umodzi kapena kupitirira, kuti thina atuluke yense.

Amene sanagwirepo ntchitoyi ayambe kuphunzirira pa chitseko chakale kapena boneti yotayidwa. Kumbukiraninso kuti mtundu wa galimoto umalembedwa m'zikalata za umwini, choncho wofuna kusintha mtundu adziwitse ofesi yoona za pamsewu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha pa ntchito imeneyi amapulumutsa ndalama zake, galimoto yake ndiponso thanzi lake.