Phunziro 17: Mwana Asanayambe Sukulu

Anzathu a m'koperativa, m'phunziro lapita tinakamba za nazale ya fodya. Tinaona kuti mbande zimafuna kukhwima tisanaziwokere. Lero tikamba za ana athu. Kuno ku Mozambique mwana amalowa kalasi yoyamba ali ndi zaka 6. Kodi pochoka pakhomo amakhala atakhwima?

Odziwa za kakulidwe ka ana amati pali zinthu zitatu zofunika mwana asanagwire pensulo. Azisunga mawu m'mutu. Azitha kudikira ndi kudzigwira. Azitha kusintha njira ngati yoyamba yakanika. Ntchito zimenezi zimachitika m'mbali ya ubongo imene ili kumphumi. Nzeru zotere zimakula msanga pakati pa zaka 3 ndi 5, koma mbaliyo imatha kukhwima munthu atapitirira zaka 20. Tsono mwana wa zaka 4 akaiwala chimene tamutuma, si mwano ayi. Mutu ukadali wanthete.

Tiyambe ndi kutuma komweko. Poyamba chinthu chimodzi basi: "Pita kwa agogo ako ukatenge lichero." Akazolowera tiwonjeze: "Ukatenge lichero ndi chipande, ndipo pobwera utsekulire nkhuku." Asananyamuke abwereze yekha mawuwo. Akabwera ndi ziwiri, chachitatu waiwala, timufunse: "Chatsala n'chiyani?" Tisamuuze msanga. Afufuze m'mutu mwake.

Anzathu a ku Tsangano, nthawi yokumba mbatata ya kachewere muli ndi sukulu pabwalo pomwepo. Zikuluzikulu apa, za kumsika. Zonga dzira la nkhuku apo, za mbewu. Zotemeka ndi khasu uko, za mumphika. Mwana akadziwa, sinthani malo a milu ija muone ngati asokonezeka. Adzasokonezeka ndithu, kenaka adzaseka, nayambanso. Ife a ku Furancungo tichite chimodzimodzi ndi nyemba, kuzipatula mwa mtundu wake. Koma ku fodya mwana asapite. Masamba aawisi, makamaka a mame, amalowetsa ululu wa fodya kudzera pakhungu. Mwana amamva mutu ndi chizungulire, nasanza.

Kudikira amakuphunzira m'masewera. Pa ntchuwa munthu sasewera kawiri mnzake ali chikhalire. Pa phada ukagwetsa mwala umapatsa mnzako. Ena amati masewera ndi ulesi. Ife tikuti ayi. Mwana akagonja n'kuyamba kumwaza miyala, tisathamangire ndodo. Tikhale pansi, timuuze: "Wakwiya eti? Kugonja kumawawa. Puma kaye, ukatola miyalayo museweranso." Mwana amene wadziwa dzina la chimene chikumuvuta mumtima, mawa adzanena ndi pakamwa m'malo momenya mnzake.

Ambiri a ife tinakula m'nkhondo imene inatha mu 1992, ena tili othawa ku Malawi. Mantha timawadziwa. Munthu wamantha amaiwala ngakhale pamene waika khasu. Mwana wokhalira kukalipiridwa ndi kumenyedwa amateronso. Amamvera pamaso pathu pokha, ndipo mphunzitsi akamufunsa amangoti duu, mutu pansi. Njala nayo imatseka mutu. Phala la m'mawa tithiremo nsinjiro, ndipo usiku mwana agone msanga.

Madzulo pa nthano, agogo asamalize okha. Aime pakati, afunse: "Nanga Kalulu atani tsopano? Fisi mtima wake uli bwanji?" Ana ayankhe mmodzimmodzi, wamng'ono naye apatsidwe mpata. Abambo, iyi si ntchito ya amayi ndi agogo okha ayi. Inunso khalanipo.

Mvula ikagwa, aliyense apatse mwana wake mzere umodzi m'mbali mwa munda. Mupatseni nyemba za mapando 10. Awerenge yekha, abzale yekha. Nyemba zimamera patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo iye adzafuna kufukula tsiku lachiwiri kuti aone. Muuzeni aziika kamwala kamodzi m'chitini m'mawa uliwonse kufikira zitamera. Mbuzi zikadya mzerewo, musamubzalire inu. Mufunseni: "Tsopano titani?" Timiyala tija mubwere nato ku phunziro, tidzawerengere limodzi.