Ndinasiya kalekale, nanga mayunitsi anga akupita kuti?

Tiyerekeze motere. Ndi Loweruka, mayi agulitsa nthochi ndi nanazi ku msika wa Limbuli, ndipo pobwerera kwathu ku Milonde akugulirani mayunitsi a K500 kuti mugule bandulo yotsitsira mapepala akale a mayeso a MSCE. Mwathira bwinobwino. Koma musanasankhe n'komwe bandulo, meseji yalowa kale: mwatsala ndi K450. Bandulo ya K500 ija siigulikanso, basi.

Mutaganiza kwambiri mukukumbuka kuti mwezi watha munavomera uthenga wina wakuti mulandire zotsatira za mpira "ulere kwa masiku 7". Pa tsiku lachisanu munatopa nazo, mameseji onse n'kufufuta. Kwa inu nkhani inathera pomwepo. Mukaimbira kampani, iwo akuti ayi, kwathu kuno mukuoneka kuti mudakali olembetsa. Inu mukunena zoona, iwonso sakunama. Zikutheka bwanji?

Mayunitsi sakhala m'foni

Ambiri timaganiza kuti tikakanda khadi n'kulemba manambala aja, ndalama imalowa m'foni ngati mmene madzi amalowera mu ndowa. Si choncho. Foni yanu sisunga ngakhale tambala imodzi. Chimene chimachitika n'chakuti manambala aja amadutsa pa nsanja ya netiweki kupita ku makompyuta akuluakulu a kampani, otchedwa seva. Kumeneko kuli kaundula wa makasitomala onse, mzere umodzi nambala imodzi. Pa mzere wanu, pamene panali 0 pamalembedwa 500. Mukafunsa balansi, foni imangokhala mthenga: yapita kukafunsa, yabwera ndi yankho.

Kulembetsa nakonso kumalembedwa m'kaundula yemweyo. Mutadina kuti mwavomera masiku aulere aja, seva inalemba zinthu zitatu: dzina la chinthu chomwe mwalembetsa, mtengo wake pa tsiku, ndi tsiku loyamba kudula ndalama. Mtengo wa masiku 7 oyamba unali ziro, koma tsiku la 8 linalembedwa kale nthawi yomweyo. Palibe munthu amene amakhala pa mpando n'kumati lero timudule uyu. Pali pulogalamu yomwe imadzuka yokha tsiku lililonse, kuwerenga mizere yonse, ndipo paliponse pomwe tsiku lakwana imachotsa ndalama. Ikapeza kuti mulibe kanthu, nthawi zambiri siitaya mtima, imayesanso, n'kuyesanso. N'chifukwa chake K50 ija inapita mphindi yomwe munathira. Inkakudikirani pakhomo.

Taganizirani mnzanu wa Fomu 2 yemwe wasiya sukulu osauza ahedi. Yunifolomu wapatsa mng'ono wake, makope wayatsira moto. Koma m'kaundula wa m'kalasi dzina lake lilipobe, ndipo aphunzitsi aziliitana m'mawa uliwonse mpaka wina akalidule ndi cholembera. Kufufuta meseji, kuchotsa app m'foni, ngakhale kuzimitsa foni kwa mwezi wathunthu, zonsezi n'chimodzimodzi kuwotcha makope. Dzina limadulidwa ku ofesi.

Nanga amene analetsadi?

Apa ndiye pali mkangano weniweni. Pali anthu omwe anatumizadi uthenga woletsa, koma amadulidwabe, ndipo zifukwa zake zimamveka mukadziwa mmene makinawa amayendera.

Kawirikawiri amene amagulitsa zotsatira za mpira, nyimbo zomveka munthu akakuimbirani, kapena timasewera ta pa foni, si kampani ya netiweki yanu ayi. Ndi kampani ina yomwe inagwirizana nayo kuti izitolerera ndalama kudzera m'mayunitsi, n'kumagawana. Ndiye kuti makaundula alipo awiri. Uthenga wanu woletsa uyenera kufika ku seva yoyamba, iyo iuze yachiwiri, yachiwiri ibweze yankho lakuti zatheka. Netiweki ikaduka pakati, monga imachitira kuno mvula ikamagwa mwamphamvu kapena magetsi akazima, kaundula mmodzi akhoza kunena kuti munatuluka pomwe winayo akunena kuti mulimo. Foni yanu ionetsa kuti uthenga unapita. Kupita ndi kufika n'zosiyana.

China ndi wotchi. Izi zimakhudza kwambiri omwe amalembetsa zinthu za kunja pa intaneti pogwiritsa ntchito khadi la ku banki, monga mapulogalamu a nyimbo kapena ophunzirira. Masiku aulere amawerengedwa ndi wotchi ya seva, osati dzuwa la ku Mulanje, ndipo amayambira pa ola lomwe munadina. Mukalembetsa 9 koloko m'mawa Lolemba, masiku 7 akhoza kutha 9 koloko m'mawa Lolemba linalo, inu mukuganiza kuti muletsa madzulo mukaweruka. Kampani ya Apple imauza yokha makasitomala ake kuti aletse kutatsala maola osachepera 24 masiku aulere asanathe. Chinanso, pali mapulogalamu omwe amalembetsa munthu iye osadziwa. Mukamagwiritsa ntchito data, netiweki imadziwa nambala yanu, motero pa masamba ena kudina kamodzi kokha kumakwanira kukulembetsani. Mu 2019 akatswiri anapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Joker itabisala m'ma app ena a pa Google Play. Inkadina yokha mobisa, ngakhale kuwerenga meseji yotsimikizira mwini foni asanaione.

N'chifukwa chiyani amapereka zaulere?

Si chifundo, aise. Akatswiri a za chuma awiri, William Samuelson ndi Richard Zeckhauser, analemba mu 1988 za khalidwe lomwe tonse tili nalo: munthu akapatsidwa mwayi wosintha kapena kusiya zinthu mmene zilili, ambiri amasiya mmene zilili, ngakhale kusinthako kukanawapindulira. Masiku aulere amagwira ntchito pa khalidwe limeneli. Pa tsiku loyamba mumafunika kuchita kanthu kuti mulowe. Kuchokera pamenepo mumafunika kuchita kanthu kuti mutuluke, ndipo amene wangokhala chete amawerengedwa kuti wavomera.

Ndalama yake imaoneka yochepa dala. Tiyeni tichite samu ndi K50 yathu yongoyerekeza ija. Pa masiku 30 ndi K1,500. Pa chaka ndi K18,250. Anthu 100,000 okha ataiwala kuletsa, pa tsiku limodzi patuluka K5 miliyoni. Ndani angakwere kabaza mpaka pa Boma kukadandaula za K50?

Makampani ena amafika pokonza dala njira yotulukira kuti ikhale yokhotakhota. Batani lolowera lalikulu, lowala. Lotulukira laling'ono, lobisika kuseri kwa masamba angapo, ndipo tsamba lililonse likukufunsani ngati mwatsimikizadi. Mu 2010 katswiri wa ku Britain, Harry Brignull, anazipatsa dzina njira zoterezi kuti dark patterns. Mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linasumira Amazon ponena kuti inkalowetsa anthu mu Prime mosadziwa bwino n'kuwavutitsa potuluka. Linanenanso kuti m'kati mwa kampaniyo njira yoletsera inkatchedwa Iliad, dzina la ndakatulo yaitali kwambiri ya Agiriki yonena za nkhondo. Mu 2025 Amazon inagwirizana zopereka madola 2.5 biliyoni kuti mlandu uthe, ngakhale sinavomere kuti inalakwa.

Kuno kwathu nkhani yofananirako ndi ya bonasi ya Khethekhethe. Mu 2021 bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, linalamula Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni. Bungweli linati kampaniyo inasiya kupereka bonasiyo yokha, n'kumafuna kuti kasitomala aziitenga yekha pa 14 mwezi uliwonse, ndipo woiwala ankangotaya. Airtel inakana kuti sinalakwe. Nkhaniyi si ya masiku aulere, koma msampha wake ndi womwewo: wongokhala chete ndiye amaluza.

Yesani ngati mu labu

Musanathamangire kukalalatira munthu wa ku kampani, pezani kaye chomwe chikudya mayunitsi, chifukwa si nthawi zonse pomwe wolakwa amakhala kulembetsa. Foni za masiku ano zimatsitsa zinthu zokha mwakachetechete, ndipo bandulo ikatha data ili chitsegulire, ikhoza kuyamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera. Zizindikiro za mavuto awiriwa n'zosiyana, ndipo mutha kuwalekanitsa monga mmene mumachitira pa Physics: sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale momwemo.

Zimitsani data kwa masiku atatu. Musaimbe, musatumize meseji. Funsani balansi m'mawa, masana ndi usiku, n'kumalemba m'kope tsiku, nthawi ndi ndalama yotsala. Ngati ndalama ikuchoka yofanana tsiku lililonse data ili chizimire, pali china chomwe munalembetsa. Ngati yaima osasuntha, ndiye kuti wakuba anali data. Masiku atatu opanda WhatsApp ndi aatali, ndikudziwa, koma tebulo limenelo ndi umboni woposa mawu akuti "mayunitsi anga amangotha".

Mukapeza kuti ndi kulembetsa, letsani kudzera m'njira yomwe inalembedwa mu uthenga woyamba uja (muone tsopano kuipa kofufuta), kapena imbirani ofesi yothandiza makasitomala muwapemphe akuwerengereni zonse zomwe zalembetsedwa pa nambala yanu n'kuzichotsa. Kenako dikirani meseji yotsimikiza kuti mwachotsedwa. Ngati sinabwere, dziwani kuti mwina simunachoke. Ikabwera, isungeni ndipo muijambule screenshot yoonetsa tsiku ndi nthawi. Pa mkangano wonsewu, meseji imeneyo ndiyo chinthu chokhacho chomwe chili m'manja mwanu chochokera ku seva yawo.

Akakudulanibe pambuyo pake, imbaninso, tchulani tsiku lomwe munaletsa, pemphani kuti akubwezereni, ndipo musadule foni musanalandire nambala ya dandaulo lanu. Makina awo amasunga mbiri ya ndalama iliyonse yomwe yachoka, nthawi yake ndi komwe yapita, choncho yankho lakuti "sitikuona kanthu" musalilandire msanga. Zikakanika ku kampani, dandaulo limapita ku MACRA, bungwe lomwe limayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti potsatira lamulo la Communications Act la 2016, kapena ku CFTC yomwe imaona za chinyengo pa malonda. Konseko adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula ku kampani, ndiye nambala ya dandaulo ija musaitaye.

Chomaliza chomwe chimatchinga ophunzira ambiri ndi ichi. Kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, ndipo ambiri a inu mukugwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mayi, bambo kapena achimwene. Kampani ikhoza kufunsa mafunso otsimikiza kuti ikulankhula ndi mwini nambala. Choncho poimba foniyo khalani nawo pafupi, chiphaso chawo chili m'manja, kope lanu la masiku atatu lija lili chotsegula.