Mpando wa Lendi ku Old Rajinder Nagar

Mumzinda wa Delhi ku India muli madera awiri, Old Rajinder Nagar ndi Mukherjee Nagar, kumene makoma sakuonekanso chifukwa cha zikwangwani. Pa chikwangwani chilichonse pali nkhope ya mnyamata kapena mtsikana, pansi pake pali nambala yomwe adakhala pa mayeso. Amene akudutsa pansi pa zikwangwanizo, mabuku ali kukhwapa, onse akufuna chinthu chimodzi: kukhoza mayeso olowera ntchito zapamwamba za boma, omwe amakonzedwa ndi bungwe la Union Public Service Commission, mwachidule UPSC. Wokhoza bwino amatha kudzakhala District Collector, udindo womwe kwathu kuno tikadati bwana DC, kapena mkulu wa apolisi, kapena kazembe. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 1 miliyoni amalembetsa mayina. Otengedwa amakhala pafupifupi 1,000 okha. Pa mayeso a 2023 adatengedwa 1,016.

Mayesowa ndi akalekale. Angerezi ankawalembetsa ku London, ndipo Mmwenye woyamba kukhoza, Satyendranath Tagore, adachita kuwoloka nyanja kuti akalembe mu 1863. Mpaka 1922 ndi pamene adayamba kulembedwanso mu India momwemo. Tisachedwe pamenepo, tiyeni tikalowe kumene achinyamata a lero amawerengera.

Nyumba za m'madera amenewa ndi zothina, ndipo lendi yake ndi yodula. Kachipinda kamodzi amakagawa ndi matabwa kuti mugone anthu angapo. Malo oika tebulo mulibe. Choncho wophunzira amakachita lendi mpando mu laibulale, kumalipira pamwezi. Mpandowo uli ndi nambala, kutsogolo kwake kuli kathebulo kotchingidwa mbali zonse, nyali ndi potchajira foni. Ambiri mwa malaibulalewa adali m'zipinda za pansi pa nthaka, chifukwa kumeneko ndiye kotchipa. Kulibe zenera, khomo ndi limodzi, makwerero ndi amodzi. Munthu amalowa m'mawa, kutuluka usiku, osadziwa ngati kunja kwacha kapena kwagwa mvula.

Pa mpando umenewo tsiku limayamba ndi nyuzipepala, kawirikawiri The Hindu kapena The Indian Express. Sawerenga ngati mmene tiwerengera ife. Nkhani iliyonse amaisenda, kuifunsa kuti ikugwera pepala liti la mayeso. Khoti lalikulu lagamula mlandu wa boma ndi chigawo china? Imeneyo ndi ya ulamuliro, ndipo amatsegula buku la M. Laxmikanth lotchedwa Indian Polity kuti aone ndime ya malamulo oyendetsera dziko, aja adayamba kugwira ntchito pa 26 January 1950. Banki yaikulu yakweza chiwongoladzanja? Imeneyo ndi ya chuma, ndipo ayenera kufotokoza chifukwa chake kukweza chiwongoladzanja kumaziziritsa kukwera mitengo kwa zinthu koma kumafinya wamalonda wofuna ngongole. Ayenera kudziwa msonkho wa GST womwe udayamba mu 2017, ndi lamulo la 2005 lomwe lidalonjeza banja lililonse lakumudzi ntchito yolipidwa ya masiku 100 pachaka. Ya chilengedwe ndiye yachuluka: amayi a gulu la Chipko amene ankakumbatira mitengo m'mapiri a Himalaya m'ma 1970 kuti isadulidwe, mpweya wa poizoni womwe udapha anthu zikwizikwi ku Bhopal mu December 1984, ndi lamulo loteteza chilengedwe lomwe lidatsatira mu 1986.

Koma chimene chandigwira mtima ine ndi kulemba. Mverani bwino apa. Mayeso oyamba ndi ongosankha yankho, pepala lake loyamba lili ndi mafunso 100 m'maola awiri, ndipo ukaphonya funso amakudula gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi ake, kotero kungoponya mwamwayi kumakupweteka. Ukapulumuka pamenepo umafika pa mayeso aakulu, mapepala 9 olemba ndi dzanja. Pa pepala limodzi la ulamuliro kapena la chuma pamakhala mafunso 20, nthawi maola atatu. Mafunso 10 amafuna mawu 150 lililonse, ena 10 amafuna mawu 250. Werengerani nokha: mawu 4,000 m'maola atatu, ndipo masana kukubwera pepala lina lotere. Funso lalifupi uli nalo mphindi zosakwana 8 kuti uliwerenge, uliganizire, ulilembe. Ndiye chifukwa chake mu laibulale muja mumamveka phokoso limodzi lokha, kukwecha kwa cholembera. Wophunzira amaika wotchi patsogolo, amadzifunsa yekha funso, tinene mmene mzinda ungapewere kusefukira kwa madzi, ndipo amayamba. Mizere iwiri yotsegulira. Mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi chitsanzo chake. Kajambula kakang'ono pambali ngati danga lilipo. Mizere iwiri yotsekera. Wotchi ikakwana amasiya, ngakhale pakati pa chiganizo, chifukwa m'chipinda cha mayeso sadzamudikira. Amatambasula zala, amatembenuza pepala, amayambanso lina. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka chala chapakati chimachita chikanga pomwe cholembera chimatsamira. Ena amayesa zolembera zamitundumitundu kufuna chomwe chimatsetsereka msanga. Ndipo zonsezi akuzichita asanadziwe ngati adzadutsa nkomwe mayeso oyamba aja.

Tsopano tibwerere m'chipinda cha pansi pa nthaka ku Old Rajinder Nagar.

Madzulo a pa 27 July 2024 kudagwa chimvula ku Delhi. Ngalande zidalephera, msewu udasanduka mtsinje, ndipo madzi adathyola geti la sukulu ina yokonzekeretsa mayesowa n'kutsikira mu laibulale yapansi. Ophunzira ambiri adathawa. Atatu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi, adamira. Pambuyo pake zidadziwika kuti chipindacho chidaloledwa kukhala chosungiramo katundu, osati chowerengeramo anthu. Masiku ochepa izi zisanachitike, wophunzira wina adafa ndi magetsi atagwira geti lachitsulo mumsewu wodzaza madzi, kufupi ndi dera lomwelo. Anzawo adakhala pamsewu masiku ambiri akufuna mayankho. Akhonsolo ya mzinda adathamanga kutseka zipinda zapansi zambirimbiri, ndipo khoti lidapereka kafukufuku m'manja mwa bungwe la boma lofufuza milandu la CBI. Zimandiwawa kuti ana amene ankaloweza lamulo la 2005 lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene ankadziphunzitsa kulemba za ngalande za m'mizinda, adasiyidwa m'malo amene aliyense woyang'anira nyumba akadaona kuti ndi msampha. Kutseka zipinda kuja kudabwera anthu atafa kale, ndipo ophunzira osauka adangotsala opanda powerengera, mipando yapamwamba itakwera mtengo.

Tsono pali ena amene palibe amawatchula. Lamulo limalola munthu wamba kuyesa kasanu ndi kamodzi, kuyambira zaka 21 mpaka 32. A mitundu yomwe idaponderezedwa kale amawaonjezerako mwayi. Ulendo umodzi, kuchokera mayeso oyamba mpaka intavyu ya malikisi 275, umatenga pafupifupi chaka. Ukaphonya paliponse umabwerera poyambira. Taganizirani munthu amene adafika ku Delhi ali ndi zaka 23, makolo atakongola ndalama kapena kugulitsa kamunda, ndipo akubwerera ali ndi zaka 30 chimanjamanja. Amadziwa bajeti ya dziko, amadziwa mphamvu za khoti ndi za nyumba ya malamulo, amadziwa madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar, koma alibe pepala losonyeza kuti adagwirapo ntchito. Filimu ya 12th Fail ya 2023 idaonetsa Manoj Kumar Sharma, mwana wa m'banja losauka amene adakhoza n'kukhala mkulu wa apolisi, ndipo anthu adaombera m'manja. Nanga enawo, amene adakhala naye mzere umodzi wa mipando?

Bungwe la UPSC lidayamba kuika poyera mayina a amene adafika pa intavyu koma osatengedwa, kuti olemba ntchito ena awaone. Zimenezo ndi zabwino, koma zikukhudza anthu ochepa kwambiri. Akuluakulu a mzinda wa Delhi, ngati sukulu zokonzekeretsa mayeso zikutolera ndalama zochuluka chonchi kwa ana a alimi, yenderani nyumba zawo mvula isanagwe, tsegulani ngalande, mangani malaibulale a boma okhala ndi mazenera ndi makomo awiri. Eni sukulu, pa zikwangwani zanu lembaniponso kuti mudalandira ophunzira angati kuti akhoze mmodziyo, kholo lidziwe lisanagulitse munda. Ndipo makolo, mwana akaimba foni kuti dzina lake palibe pa mndandanda, musayambe ndi kumuwerengera ndalama zomwe zapita. Mufunseni ngati wadya, ndipo mumutumizire ya sitima abwere kunyumba.