Nthenda Zokhetsa Mwazi ndi Apusi a ku Winnipeg

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo udzu ukauma, anyamata a ku Chadiza amatenga makasu ndi kunka kuminda kukakumba mbewa. Kwa Zingalume, kwa Mlolo ndi kwa Mwangala mbewa ndiyo ndiwo ya ulemu, ndipo munthu wa kum'mawa amene agwira nchito ku Kitwe kapena ku Luanshya amaikumbukira pamene adya nsima yace ndi kabici. Koma alipo anthu ena amene akhala akugwira mbewa m'Zambia osati kuti adye ai. Iwowa ndiwo akatswiri a matenda a ziweto pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan, ndipo cimene cinawayambitsa nchitoyi ndico nthenda ina yoopsa imene inaoneka m'caka ca 2008.

M'mwezi wa September caka cimeneco mkazi wina wokhala kunja kwa mzinda wa Lusaka anadwala kolimba, natengedwa pa ndege kunka ku cipatala ca ku Johannesburg. Anamwalira atangokhalako masiku awiri. Mwamuna amene anamsamala m'ndegemo anadwala namwalira. Namwino wina wa m'cipatalaco anamwaliranso, ndiponso mkazi amene anatsuka cipinda ca wodwalayo. Wacisanu anali namwino amene anasamala mwamuna uja. Iyeyo anadwala mwakayakaya, koma anacira, natuluka m'cipatala mu December. Anthu asanu anadwala, anai anafa. Kacirombo kace kanali kacilendo, kosadziwika ndi kale lonse, ndipo anakacha Lujo, potenga Lu kwa Lusaka ndi jo kwa Johannesburg.

Lujo ndi wa pfuko la tizirombo timene tikhala m'mbewa ndi makoswe. Mbale wace wodziwika ndiye Lassa wa ku Nigeria ndi Sierra Leone, amene akhala m'mbewa ya mawere ambiri imene anthu a kuno amaicha kapuku. Ici ndico cifukwa cace akatswiri aja anachera misampha. M'caka ca 2011 analengeza kuti apeza kacirombo kena ka pfuko lomwelo mwa akapuku a ku Lusaka ndi ku Namwala, nakacha Luna. Kameneko si Lujo, ndipo nyama imene isunga Lujo sinapezeke.

Lujo, Lassa, Ebola ndi Marburg zichedwa nthenda zokhetsa mwazi. Dzinali lisokeretsa pang'ono, pakuti odwala ambiri sakha mwazi woonekera. Nthenda iyamba monga malungo wamba: thupi litentha, mutu uwawa, m'mfundo muphwanya. Pambuyo pace pabwera kusanza ndi kutsegula m'mimba, makamaka pa Ebola, kotero kuti munthu ataya malita angapo a madzi pa tsiku limodzi, ndipo mcere wa m'thupi utayika pamodzi ndi madziwo. Mitsempha ya mwazi iyamba kucuca ngati mtsuko wong'aluka. Mwazi ukacepa m'mitsempha, impso zileka kupanga mkodzo, ciwindi cifooka, ndipo mtima ulephera kukankha. Imfa ibwera motero, ciwalo ndi ciwalo.

Tsono dotolo amene alibe mankhwala opha kacirombo angathe kucitapo kanthu ndithu. Abwezera madzi ndi mcere m'mtsempha, apatsa mwazi, apatsa mankhwala okweza mphamvu ya mwazi, ndipo mapapo akatopa aika makina opumira wodwala. Impso zikaima alipo makina otsuka mwazi. Zonsezi zicitika m'cipinda ca odwala mwakayakaya, momwe namwino sacoka pa bedi usana ndi usiku. Colinga cace ndico kucirikiza munthu kufikira thupi lace lipanga asilikari ace ogonjetsa kacirombo.

Kodi cisamaliro cotere cipulumutsadi? Funsoli ndi lobvuta kuposa m'mene lionekera. Namwino uja wa ku Johannesburg anasamalidwa m'cipinda cotere, komanso anapatsidwa mankhwala ochedwa ribavirin ndi ena oletsa kukha mwazi. Popeza anali mmodzi yekha, palibe anganene cimene cinamciritsa pa zonsezo. Pa mliri wa Ebola wa 2014 mpaka 2016 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone anthu oposa 28,000 anadwala ndipo oposa 11,000 anafa. Odwala 27 anasamalidwa m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America, ndipo pa iwo anafa 5 okha. Kusiyana kwace nkwakukuru, koma ambiri a 27 aja analandiranso mankhwala atsopano oyesera, ndipo dotolo sangamane wodwala madzi kapena mpweya kuti aone ngati adzafa. Pa munthu cotere sicicitika. Ndipo pamenepa mpomwe nyama zilowa m'nkhani.

Nchito imeneyi icitika m'nyumba zowerengeka pa dziko lonse, zomangidwa kuti ngakhale mpweya usaturuke wosasefedwa. Wanchito abvala cobvala copopedwa mpweya cokuta thupi lonse kuyambira kumutu kufikira kuphazi, napumira m'paipi. Mantha ace ali ndi cifukwa. M'caka ca 1967 apusi ocokera ku Uganda anafika ku Marburg ndi ku Frankfurt m'Germany ndi ku Belgrade, ndipo anthu 31 anadwala, 7 nafa. Nthenda ya Marburg inatenga dzina lace pamenepo.

Ku Atlanta m'America akatswiri analengeza m'caka ca 2012 kuti Lujo apha mbira za mtundu wina, ndi zizindikiro zofanana ndi za anthu asanu aja. Mbira zomwe ana aweta kuseri kwa nyumba zinapatsa madotolo njira yoyesera mankhwala a nthenda ya ku Lusaka popanda kuyembekeza kuti munthu wina adwale.

Koma mbira njaing'ono, siikidwa pa makina opumira. Akatswiri a ku National Microbiology Laboratory mu mzinda wa Winnipeg ku Canada anamanga cipinda ca odwala mwakayakaya m'kati mwa nyumba yotsekedwa ija, nagonekamo apusi a mtundu wa rhesus amene anapatsidwa kacirombo ka Ebola. Apusiwo anagonetsedwa tulo ndi mankhwala kuti asamve kuwawa. Makina anawapumira, madzi analowa m'mitsempha, mankhwala okweza mphamvu ya mwazi anaperekedwa, ndipo mwazi wao unayesedwa kawirikawiri monga acitira ndi munthu. Madotolo ndi anamwino anasinthana usana ndi usiku m'zobvala zao zolemera, momwe ngakhale kugwira singano kubvuta cifukwa ca magolovesi ocindikala. Mlimi wa ku Chadiza amene acezera kupitikitsa apusi m'munda wa cimanga angaseke pomva kuti pusi anagonekedwa pa bedi ndi namwino pambali pace. Koma bedi limenelo linayalidwa cifukwa ca mlimi yemweyo ndi ana ace.

Zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 2019. Apusi anali anai, ndipo onse anai anafa.

Nkhani imeneyi iyenera kumveka bwino, pakuti wina angaganize kuti cisamaliro nca cabe. Ebola mwa pusi ndi waukali kuposa mwa munthu. Pusi wopatsidwa kacirombo m'nyumba zoyeseramo afa pafupifupi nthawi zonse, kawirikawiri sabata limodzi litangotha kapena lisanathe, pamene mwa anthu ambiri acira ngakhale pa mliri woipa. Ndiponso pusi satsegula m'mimba kwambiri monga acitira munthu, kotero madzi amene apulumutsa munthu wouma thupi alibe nchito yofanana mwa pusi. Cimene apusi a ku Winnipeg anaonetsa ndico cakuti kacirombo kakaculuka kopitirira muyeso m'mwazi, makina okha sangabweze munthu. Ayenera kuyenda pamodzi ndi mankhwala ocepetsa kacirombo, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuyamba msanga.

Mankhwalawo anacokeranso kwa apusi. Ku Winnipeg komweko m'caka ca 2014 apusi 18 odwala Ebola anapatsidwa mankhwala ochedwa ZMapp, ena a iwo patapita masiku asanu cilandirire kacirombo, ndipo onse 18 anacira. Pa mliri wa 2018 mpaka 2020 kum'mawa kwa Congo mankhwala anai anayesedwa pa anthu oposa 600, onsewo akulandiranso madzi ndi cisamaliro. Awiri ochedwa mAb114 ndi REGN-EB3 anaposa ZMapp: pa odwala 100 anafa ngati 35, pamene ndi ZMapp anafa ngati 50. Ndipo pa iwo amene anafika kacirombo kasanaculuke m'mwazi, anafa ngati 10 okha pa 100. Tsiku liri lonse locedwa kunyumba linaonjezera imfa.

Anthu a m'migodi ali ndi gawo lao m'nkhaniyi. Kacirombo ka Marburg kakhala m'mileme yodya zipatso imene igona m'mapanga ndi m'migodi yakale. Ku Durba m'Congo, pakati pa 1998 ndi 2000, anthu 154 anadwala ndipo 128 anafa, ambiri a iwo okumba golidi pansi ndi mabanja ao. Mu 2007 okumba a mgodi wa Kitaka ku Uganda anadwalanso. Mu 2018 akatswiri a University of Zambia ndi anzao aja anapeza zizindikiro za kacirombo komweko m'mileme ya m'phanga lina kufupi ndi Lusaka. Migodi yaikuru ya kopa iri ndi mphepo yopopedwa ndi anthu ambiri, mileme siikonda. Coopsa ciri m'maenje osiyidwa momwe anyamata alowa kukafuna miyala ya ndalama.

Rwanda inaonetsa m'caka ca 2024 cimene cisamaliro cicita pa munthu. Mliri wa Marburg kumeneko unayambira kwa munthu wogwira nchito pa mgodi wa mileme. Anthu 66 anadwala, ambiri a iwo anchito a m'zipatala za ku Kigali, ndipo anafa 15. Odwala awiri anaikidwa pa makina opumira nacotsedwapo ali moyo. Kuyerekeza ndi ku Durba kusonyeza kutalika kwa ulendo umene madotolo ayenda.

Ku Chadiza wodwala kwambiri atumizidwa ku Chipata, mtunda wa mailosi ngati 50, ndipo Lusaka ali mailosi oposa 300 kupitirira apo. Makina otsuka mwazi ali kutali ndi mudzi wa m'malire a Mozambique. Koma zoyamba za cisamaliro cija siziri kutali: madzi a mcere ndi suga akumwa, botolo la madzi lolowa m'mtsempha, ndi kuyesa mwazi kuti adziwe ngati ndi malungo. Zimenezi cipatala ca boma la Chadiza ndi zipatala zazing'ono za m'midzi zicita masiku onse. Munthu amene thupi litenthabe atamwa mankhwala a malungo, makamaka ngati analowa m'phanga, anagwira nyama yofa yokha, kapena anacokera ku dziko la mliri, ayenera kubwerera ku cipatala tsiku lomwelo ndi kunena poyera kumene anali. Womdwazika asagwire masanzi, cimbudzi kapena mwazi ndi manja cabe, ndipo wodwala wotere akamwalira abale asasambitse mtembo asanafunse anchito a zaumoyo, pakuti mtembo wa munthu wofa ndi Ebola upatsira kwambiri kuposa wodwala wa masiku oyamba.

Ndipo za mbewa zija, moto upha tizirombo ta pfuko limeneli, kotero mbewa yophikidwa bwino ndi kuwambidwa siiopsa pa mbale. Ngozi iri pokumba ndi potumbula, pamene mwazi ndi mkodzo wa mbewa zikhudza bala la pa cala, ndiponso m'nyumba momwe akapuku akodzera ufa wosabvundikira.